MKANGANO WA MIPANDO YA OWERUZA A CIYUDA KU ISRAEL

M'caka ca 2016 komiti ya anthu 11 inadzaza mipando 10 ya Bwalo Lalikuru la ma-Rabi la mu Jerusalem, bwalo limene linali litakhala zaka zingapo liri kudalira oweruza ogwirizira. Nyuzi za dzikolo zinalemba maina a osankhidwawo, koma dzina limene anthu analikamba koposa linali la munthu amene sanasankhidwe, ndiye Rabi Uriel Lavi. Cimene cinamtsekera njira cinali ciweruzo cimodzi cimene anapereka zaka ziwiri m'mbuyomo, ali mkuru wa bwalo la ku Safed, pamene anamasula mkazi wina ku ukwati mwa njira imene akuru ena a cipembedzo sanaibvomereze.

Owerenga athu angafunse kuti nkhani ya mipando ya akuru a cipembedzo ilowa bwanji pa tsamba la nkhani za maiko. Yankho lace ndi lakuti ku Israel anthu amenewa ndiwo oweruza a Boma, olandira malipiro ocokera ku msonkho monga oweruza ena onse, ndipo m'manja mwao muli ukwati ndi cisudzulo ca Myuda ali yense wa m'dzikomo, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Kumeneko kulibe ukwati womangitsa ku ofesi ya Boma, wonga uja makolo athu ankauchula wa kwa D.C. Ofuna ukwati wotere amakwera ndege kunka ku Cyprus kapena kwina, ndipo kuyambira ciweruzo ca m'caka ca 1963 Boma limaulemba m'kaundula akabwerako. Koma ukwatiwo ukadzasweka, ngati onse awiri ali Ayuda, cisudzulo cao cimapita kwa ma-Rabi omwe aja anawathawa.

Dongosolo limeneli ndi lakale kuposa dziko la Israel. Aturuki, pamene analamulira Palestine, analola mpingo uli wonse kuweruza wokha milandu ya maukwati a anthu ace. Angerezi atalanda dzikolo anasunga mwambo womwewo m'lamulo lao la 1922, monga anacitira kuno kwathu posiya milandu ya maukwati m'mabwalo a mafumu. M'nthawi yao yomweyo, m'caka ca 1921, unakhazikitsidwa udindo wa ma-Rabi Akuru awiri: mmodzi wa Ayuda ocokera ku Ulaya, ochedwa Ashkenazi, ndi wina wa Ayuda ocokera ku maiko a kum'mawa ndi kumpoto kwa Africa, ochedwa Sephardi. M'mwezi wa June 1947 Bambo David Ben-Gurion, pofuna kuti Ayuda onse aime pamodzi, analembera kalata cipani ca opemphera ca Agudat Yisrael, nawatsimikiza mtima pa za Sabata, zakudya, masukulu ndi maukwati. Lonjezolo linasanduka lamulo m'caka ca 1953, ndipo m'caka ca 1955 Nyumba ya Malamulo, yochedwa Knesset, inapanga lamulo lina lofotokoza kasankhidwe ka oweruzawo. Woweruza mmodzi amachedwa dayan, akakhala ambiri dayanim. Pali mabwalo 12 a m'zigawo, ndi Bwalo Lalikuru la ma-Rabi lomva madandaulo a ogonja. Onse okhala pa mipandoyi ndi amuna, ndipo akaikidwa amakhalapo kufikira zaka 70 za kubadwa. Pali kanthu kena kakang'ono kosonyeza mtima wa nkhani yonse: woweruza wa Boma polumbira amalonjeza kukhulupirika kwa dziko ndi kwa malamulo ace, koma m'lumbiro la dayan mau onena za malamulo a dziko mulibe. Anawasiya dala.

KALATA IRI M'DZANJA LA MWAMUNA

Kuti timvetse cifukwa cace anthu amalimbanira mipandoyi, tiyenera kuyamba taona kamasulidwe ka ukwati m'malamulo a Ciyuda. Woweruza sathetsa ukwati. Wothetsa ukwati ndi mwamuna, popereka m'dzanja la mkazi kalata ya cilekaniro yochedwa get, imene maziko ace ali m'buku la Deuteronomo, mutu 24. Ayenera kuipereka mwa kufuna kwace. Akakana, mkaziyo akhala womangika, ndipo dzina lace ndi aguna. Mkazi wotere akabala mwana ndi Myuda wina, mwanayo amachedwa mamzer, ndipo iye pamodzi ndi mbeu yace saloledwa kukwatirana ndi Ayuda anzace. Nkoona kuti mkazinso angathe kukana kulandira kalatayo, pakuti kuyambira masiku a Rabbenu Gershom, zaka ngati 1,000 zapitazo, Ayuda a ku Ulaya analetsa kusudzula mkazi iye asanalole. Koma katundu wa awiriwa salingana kulemera kwace, popeza mwamuna nthawi zina amapatsidwa cilolezo ca kukwatira wina, ndipo ana amene angabale ndi mkazi wosakwatiwa alibe cilema cimeneci.

Tsono bvuto lagona apa. Kalata yoperekedwa mwa cikakamizo cosayenera iribe mphamvu, koma malamulo omwewo amalola bwalo kukakamiza mwamuna pa zifukwa zina. Malire a zifukwazo ndiwo akhala akutsutsanitsa aphunzitsi kwa zaka mazana ambiri. Maimonides, amene anafera ku Egypt m'caka ca 1204, anaphunzitsa kuti mkazi akanena kuti mwamuna wace amnyansa, bwalo limkakamize mwamunayo kummasula. Rabbenu Tam wa ku France, amene anafa m'caka ca 1171, anakana cikakamizo pa cifukwa cotere. Onse awiri ndi mizati ya ciphunzitso ca Ayuda. Cotero oweruza awiri, owerenga mabuku amodzimodzi ndi oopa Mulungu mofanana, angaone mlandu umodzi, wina nalamula kuti mwamuna apereke kalata, wina nauza mkazi kuti abwerere akayesenso kumanga banja, kapena kuti asiye cuma cace kuti mwamuna afewe mtima.

Boma linapatsa mabwalowa zida. Lamulo la 1995 limawalola kuletsa wokana kupereka kalata kuturuka m'dziko, kumlanda cilolezo ca kuyendetsa galimoto, kumtsekera za ku banki, ngakhale kumponya m'ndende. Koma zidazi sizigwira nchito bwalo lisanagamule kuti mwamunayo ayeneradi kumasula mkazi wace, ndipo dayan wamantha safika pa cigamulo cimeneco. Ndendenso payokha si mankhwala: mwamuna wina anakhalamo zaka zoposa 30, namwalira m'caka ca 1994 asanapereke kalata.

MLANDU WA LANGER

Mkangano wa masiku ano uli ndi muzu wace m'caka ca 1972. Mbale ndi mlongo wace a banja la Langer, onse awiri otumikira ku usilikali, anakanizidwa ukwati cifukwa mabwalo anawayesa mamzer, popeza mai wao anakwatiwa kaciwiri wopanda kalata ya mwamuna woyamba. Nkhaniyo inagwedeza Boma, ndipo Nduna ya za Nkhondo, Bambo Moshe Dayan, anawaimira kolimba. Rabi Shlomo Goren, amene kale anali Rabi wamkuru wa asilikali, atasankhidwa kukhala Rabi Wamkuru wa Ashkenazi m'mwezi wa October, anasonkhanitsa bwalo lapadera, ndipo m'mwezi wa November linagamula kuti mwamuna woyambayo, amene anabadwa Mkristu ku Poland, sanatembenuke kukhala Myuda mwa njira yokwanira. Ukwati woyamba unakhala wopanda mphamvu, ndipo anawo anayera. Maina a oweruza amene anakhala naye pa bwalolo anabisidwa, ndipo cimeneci cokha cionetsa ukali wa nyengo ija.

Opemphera a mwambo wolimba, amene amachedwa Haredim, anati Goren wagula mpando ndi ciweruzo. Mmodzi wa oweruza odziwa koposa a Bwalo Lalikuru la ma-Rabi, Rabi Yosef Shalom Elyashiv, anatula pansi udindo wace cifukwa ca nkhani imeneyi. Koma ngakhale anaturuka m'bwalo, mphamvu yace inatsalamo. M'zaka zotsatira anakhala mtsogoleri wamkuru wa Haredim a mwambo wa ku Lithuania, ndipo kufikira imfa yace m'caka ca 2012, ali ndi zaka 102, mau ocokera m'kanyumba kace ka ku Mea Shearim anali olemera pa kasankhidwe ka oweruza kuposa mau a nduna zambiri. Pamene anthu a ku Israel anena za dayan woima payekha, kawirikawiri atanthauza woweruza amene angathe kulemba ciweruzo cace osayamba wafunsa kuti akuru otere, amene sali pa udindo uli wonse wa Boma, adzacilandira bwanji.

Sitiyenera kuganiza kuti kulimba mtima kumeneku kuli mbali imodzi yokha. Itatha nkhondo ya 1973, Rabi Ovadia Yosef, Rabi Wamkuru wa Sephardi, anatsogolera bwalo limene linafufuza imfa za asilikali amene mitembo yao inasowa kapena sinazindikirike bwino, nalola akazi ao pafupifupi 1,000 kukwatiwanso. Munthu yemweyo ndiye anadzakhala tate wa cipani ca Shas, cimene ca m'ma 1984 cinalowa m'ndale za dziko lonse.

MASAMU A M'KOMITI

Lamulo la 1955 linaika komiti ya anthu 10: ma-Rabi Akuru awiri, oweruza awiri a Bwalo Lalikuru la ma-Rabi, nduna ziwiri, aphungu awiri ndi maloya awiri. Pa pepala ciwerengeroci cioneka cabwino, pakuti a cipembedzo ali anai okha. Koma ndale za ku Israel zimasintha masamuwo. Knesset iri ndi mipando 120, ndipo palibe cipani cinapambanapo 61 pa cisankho, cotero Boma liri lonse ndi la mgwirizano. Haredim m'caka ca 2022 anali pafupifupi 13 mwa anthu 100 ali onse, koma zipani zao, Shas ndi United Torah Judaism, nthawi zambiri ndizo zimagwira mfungulo ya Boma. Kwa cipani cacikuru mpando wa m'komiti ya oweruza a maukwati ndi mphatso yosadula. Kwa zipani za Haredim ndi cuma ceniceni, popeza ndi mphamvu pa malamulo a cipembedzo, ndiponso ndi nchito ya malipiro abwino kwa ophunzira ao. Ngakhale maloya, posankha owaimira, akhala akugulitsana mavoti ndi magulu omwewa.

M'mwezi wa March 2007, pamene Bambo Daniel Friedmann anali Nduna ya za Cilungamo m'Boma la Bambo Ehud Olmert, komiti inasankha oweruza 15, ndipo 12 mwa iwo anali Haredim. Mabungwe a amai pamodzi ndi ma-Rabi a gulu lina, lija la opemphera okonda dziko amene ana ao amapita ku usilikali, anakadandaula ku Bwalo Lalikuru la Boma kuti komiti inangobvomereza mndandanda wopangana kale, osayesa munthu ali yense payekha. Masankhowo anafafanizidwa. Komiti inakhalanso pansi caka comweco, ndipo ambiri mwa anthu aja anasankhidwanso.

Caka cotsatira anthu anaona mphamvu ya mpando umodzi. M'caka ca 2008 linamveka gamulo la Rabi Avraham Sherman wa Bwalo Lalikuru la ma-Rabi pa mlandu wa cisudzulo wocokera ku Ashdod. Mkazi wa pa mlanduwo anali atatembenuka kukhala Myuda zaka ngati 15 m'mbuyomo, koma bwalo linati kutembenukako kunali kwacabe popeza sanasunge malamulo, ndipo linakaikira onse amene anatembenuzidwa ndi Rabi Haim Druckman, mkuru wa ofesi ya Boma yoona za otembenuka. Anthu zikwi zambiri, ocuruka a iwo ocokera ku maiko a Soviet Union yakale, anadzuka m'mawa osadziwa ngati iwo ndi ana ao akali Ayuda pamaso pa bwalo. Bwalo Lalikuru la Boma linateteza odandaulawo m'caka ca 2012. Woyang'anitsitsa adzaona cinthu codabwitsa: cida cimene Goren anamasulira naco ana awiri m'caka ca 1972, ndico kufafaniza kutembenuka kwa munthu, ndi comweco cimene Sherman anamangira naco khamu la anthu.

Kumapeto a 2011 bungwe la maloya linasankha amuna awiri, ndipo komiti inatsala yopanda mkazi ndi mmodzi yemwe. Bungwe la amai opemphera la Emunah linakasuma, ndipo Bwalo la Boma linaimitsa nchito ya komitiyo. M'caka ca 2013, pamene zipani za Haredim zinali kunja kwa Boma, aphungu awiri, Mai Aliza Lavie ndi Mai Shuli Mualem, anapititsa lamulo lakuti m'komiti mukhale akazi osacepera anai, ndipo unaonjezedwa mpando wa 11 wa mkazi wodziwa kunenera anthu milandu m'mabwalo a ma-Rabi. Anai mwa 11 sangasankhe munthu paokha, koma akagwirizana ndi ena ocepa angathe kukaniza. Cotsatira cace cinali kukokana kwa nthawi yaitali, milandu iri kuunjikana. M'mwezi wa September 2015, pansi pa upampando wa Nduna Yuval Steinitz, anasankha oweruza 22 a m'zigawo, ndipo mipandoyo anaigawa pafupifupi patatu, monga agawira nyama ya pa ukwati: gawo la Haredim a Sephardi, gawo la Haredim a Ashkenazi, ndi gawo la opemphera okonda dziko.

MKAZI WA KU SAFED

Tibwerere tsono kwa Rabi Lavi. Mwamuna wina anacita ngozi ya njinga yamoto m'caka ca 2007, nagona cikomokere zaka zisanu ndi ziwiri, wosalankhula ndi wosazindikira kanthu. Mkazi wace anali akali wamng'ono. Mwamunayo sanali wokana kupereka kalata, anali wosakhoza, cotero panalibe womkakamiza kapena wommanga. M'caka ca 2014 bwalo la oweruza atatu la ku Safed, Rabi Lavi ali pampando, linagwiritsa nchito mfundo yakale yakuti nkololedwa kucitira munthu cinthu comkomera iye mwini palibe. Linaweruza kuti mwamuna wotere alibenso cimene apindula ndi ukwatiwo, ndi kuti cikadamkomera kumasula mkazi wace, ndipo linapereka kalatayo m'malo mwace.

Akuru ambiri a Haredim anakana ciweruzoco ndi mau owawa, ndipo pakati pao panali Rabi Wamkuru Yitzhak Yosef, mwana wa Ovadia Yosef uja. Dzina la Lavi litafika pa gome la komiti m'caka ca 2016, a mbali ya Haredim anaima nji, ndipo mipando inadzazidwa iye atasiyidwa kunja, Bwalo la Boma litakakamiza komiti kuti itsirize nchito yace. Nkhani sinathere pomwepo. Munthu wina wapadera, amene sanali mbale wa mwamunayo kapena wa mkaziyo, anakacita apilo, ndipo Bwalo Lalikuru la ma-Rabi linakonzeka kuimva, mkaziyo atakhala kale mfulu zaka zoposa ziwiri. M'mwezi wa March 2017 Bwalo Lalikuru la Boma linaletsa, niliti munthu wosakhudzidwa ndi mlandu alibe khomo lolowera kuti autsegulenso.

Mau a Haredim ayenera kumvedwa mwacilungamo, pakuti si opusa. Iwo ati ukwati wa Ciyuda ndi cinthu copatulika, ndipo kalata yokaikitsa ndi yoopsa kuposa kusowa kalata, popeza ana odzabadwa adzakanidwa ndi mabwalo ena, ku Israel ndi kunja komwe, ndipo mtundu udzagawika pawiri. Atinso cinthu catsopano ngati ca ku Safed sicingayambidwe ndi bwalo la m'cigawo popanda cibvomerezo ca akuru a mbadwo wonse. Ndipo amabweza mpira: ngati iwo afuna oweruza omvera akuru ao, kodi mabungwe a amai safuna oweruza amene ciweruzo cao cidziwika kale mlandu usanayambe? Kwa iwo woweruza woopa nyuzi ndi Bwalo la Boma nayenso ndi womangika. Amakumbukira ciweruzo ca Bavli ca 1994, pamene Bwalo la Boma linalamula kuti pogawa cuma ca banja ma-Rabi atsate lamulo la dziko, ndipo amaciyesa kulowerera kwa akunja.

Funsolo liri ndi mano, koma kwa ife liphonya cinthu cimodzi. Lavi analemba zifukwa zace poyera, kuzitenga m'mabuku omwewo amene otsutsana naye amawerenga, ndipo wofuna kumtsutsa anali ndi njira ya kulemba zace. Cimene cinacitika ndi cakuti anamlanga pa kukwezedwa, ndipo phunziro lace linapita kwa oweruza acinyamata a m'mabwalo 12 aja, amene onse anaona mtengo wa ciweruzo cimodzi. Tionjeze kuti ena mwa Haredim olimbitsitsa ali ndi mabwalo ao apadera, ndipo khamu lalikuru la oima pamaso pa bwalo la Boma ndi anthu wamba, a m'mafakitale, a m'maofesi ndi a ku usilikali, amene sanasankhe akuru aja kuti akhale atsogoleri ao, ndipo alibe bwalo lina loti apiteko.

Kulimbana kwa masamu sikunaleke. M'mwezi wa July 2021, Boma la Bambo Naftali Bennett, limene linalibe zipani za Haredim, linabweretsa lamulo lokuza komiti kuti ikhale ya anthu 13. Atacezera usiku wonse m'Nyumba, Sipikala Mickey Levy anaponya voti yace molakwa, mavoti nalingana 51 kwa 51, ndipo Boma linayenera kulibweretsanso lisanapite. Ngakhale akazi alowa m'komiti, pa mpando wa dayan sipanakhale mkazi, pamene mabwalo a Asilamu a m'dziko lomwelo analandira woweruza wao woyamba wamkazi, Mai Hana Khatib, m'caka ca 2017. Maboma a ku Israel amagwa kawirikawiri, ndipo ma-Rabi Akuru amasintha pakapita zaka 10, monga zinacitikira m'caka ca 2024 posankhidwa Rabi David Yosef ndi Rabi Kalman Ber. Koma dayan amene anaikidwa m'caka ca 2015 ali ndi zaka 40 angathe kukhala akumva milandu ya maukwati kufikira caka ca 2045.